Chovala cha Mvula kwa Wokwera Phiri

Munthu amene waima pa Likhubula m'mawa wa mwezi wa Juni, dzuwa lili phwee, nkovuta kumuuza kuti anyamule chovala cha mvula, pakuti dzinja linapita kale. Koma Phiri la Mulanje lili ndi nyengo yakeyake. Pakati pa Meyi ndi Ogasiti mphepo yochokera kunyanja ya mchere imabwera ndi chiperoni, nkhungu ya mvumbi imene inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, ndipo ikatera pamwamba pa Mulanje imatha kukhala masiku angapo osachoka. Kuwonjezera apo, munthu akakwera mamita 1,000 alionse kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, choncho wochokera ku Likhubula amakapeza kuzizira kumene sanakuganizire ali pansi.

Tsono chimene chimaopsa kuphiri, awerengi, si kunyowa pakokha ayi, koma kunyowa pamalo ozizira ndi a mphepo. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira koposa mpweya, mwina kokwana ka 25. Thupi la munthu limafuna kukhala pa madigiri 37, ndipo likatsika kupitirira 35 munthu amanjenjemera kosaleka, lilime limalemera, miyendo imapunthwa pamiyala, nzeru nkuyamba kusokonekera. Choipa nchakuti wodwalayo sazindikira kuti wadwala. Ife amene nthawi zina timaperekeza ana a sukulu kumapiri tiyenera kudziwa kuti mwana amene wangoti zii, nkumatsalira m'mbuyo, ndiye woyamba kumuyang'ana.

Ambiri amaganiza kuti chovala chabwino cha mvula ndi chokhuthala, cholemera, chosalowa dontho. Maganizo amenewa ndi akale monga chovala chimene Charles Macintosh wa ku Scotland anapanga mu 1823 pomata mphira pakati pa nsalu ziwiri. Mvula sinkalowa ndithu, koma thukuta nalonso silinkatuluka. Vuto lomwelo lili ndi majekete a pulasitiki amene timagula pamsika. Poyenda kuchokera kunyumba kupita kutchalitchi ngabwino. Koma mukawavala pachitunda cha ku Chambe, musanathe ola limodzi malaya anu adzakhala atanyowa ngati mwagwa mumtsinje, ndipo mukangoima kuti mupume, thukuta lija lidzasanduka chisanu. Wokwera phiri amanyowa kuchokera mbali ziwiri, kunja ndi m'kati, ndipo chovala choyenera ndi chimene chimaletsa zonse ziwiri.

Nsalu yotere inapezeka Bob Gore wa ku America atatulukira mu 1969 njira yokoka pulasitiki ya mtundu wina mpaka kukhala kansalu kopyapyala kodzaza ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Timabowoto ntating'ono kwambiri kwakuti dontho la mvula silingadutse, koma nthunzi ya thukuta imadutsa. Zovala za Gore-Tex zinayamba kugulitsidwa m'ma 1970, ndipo lero makampani ambiri ali ndi nsalu zawo zofanana nayo. Pa kapepala ka chovala chatsopano nthawi zina pamalembedwa nambala ya mamilimita, yosonyeza msinkhu wa madzi amene nsaluyo ingasenze asanayambe kudontha. Ya 10,000 kapena kuposerapo ndi yokwanira pa mapiri athu.

Kunena zoona, ochepa mwa ife angagule chatsopano. Ambiri tidzapita pa kaunjika, ndipo palibe chochititsa manyazi, chifukwa m'milu imeneyo mumabisala majekete abwino amene wogulitsa amawayesa wamba. Mukalipeza, litembenuzeni. Onani misoko ngati inamatidwa ndi kalamba kopyapyala m'kati mwake, pakuti paliponse pamene singano inaboola ndi khomo la madzi. Ngati kalambako kakumatuka, kapena m'kati mukuyoyoka tizidutswa toyera ngati gaga, lisiyeni ngakhale litakongola chotani. Moyo wake unatha. Zipi ikhale ndi nsalu yoiphimba. Chipewa chake chikhale ndi zingwe zomangira kuti mphepo isachivule, ndipo mukatembenuza mutu chizitembenuka nanu, osati kukutsekani maso pamene mukufuna poponda. Kwezani manja m'mwamba monga wogwira thanthwe: ngati jekete likuvula mchiuno, nlaling'ono. Wogulitsa akalola, thirani madzi pang'ono pamkono; akamagubuduka ngati pa tsamba la koko, zili bwino. Za mtundu, sankhani lofiira kapena lachikasu, kuti mu nkhungu anzanu akuoneni.

Kulemera kwake kusafike pa kilogalamu. Abwino ambiri safika ndi theka lomwe. Ichi nchofunika chifukwa chovala cholemera chimasiyidwa m'nyumba yogona alendo ku Chisepo ndi munthu amene akuti akafika pa Sapitwa nkubwerera nthawi yomweyo, ndipo nkhungu imamupeza alibe kanthu.

Komabe jekete palokha silipulumutsa munthu amene wavala thonje m'kati. Thonje limamwa madzi nkuwasunga pakhungu, ndipo jinzi yonyowa imalemera, imakhula ntchafu, siuma mpaka mawa. Pakhungu valani malaya a nsalu yosasunga madzi, monga aja osewerera mpira, pamwamba pake juzi ya ubweya wa nkhosa, imene imafundabe ngakhale itanyowa, kenaka jekete. Pokwera chitunda vulani juzi musanatuluke thukuta, ndipo muivalenso mukangoima. Zovala zina zouma zikhale m'thumba la pulasitiki m'kati mwa chikwama, zosakhudzidwa mpaka madzulo.

Ndipo pokonza ulendo muwerengere amene akukutsogolerani ndi amene akusenzerani katundu. Kawirikawiri iwo amakwera atavala malaya amodzi ndi nsapato zakutha, pamene mlendo wavala zitatu. Kufunsa ngati ali ndi chofunda musananyamuke, ndi kugula jekete lachiwiri pa kaunjika pomwepo, ndi gawo la mtengo wa ulendowo.