Nsadzu, Mbalame Yolondolera Uci

Nsadzu ndi kambalame kotuwa, kocepera njiwa, kosakongola konse. Kadya tizilombo touluka, ana a njuci ndi phula. Koma phulalo likhala m'mphako, ndipo mbalame ilibe nkhwangwa kapena moto. Ncifukwa cake ifuna munthu.

Ine ndinaona izi ndili mnyamata, atate atanditenga kukafula njuci ku mapiri a kwathu ku Katete. Nsadzu inadza ilikulira kosalekeza, niuluka mtengo ndi mtengo, ilikuonetsa nthenga zoyera za kumcira. Atate anaiyankha ndi likhweru, ife tilikutsata. Potsiriza inatera nikhala cete, ndipo atate poyang'ana kumwamba anaona njuci zilikulowa m'mphako. Titafula, anapatula cisa nacipacika pa nthambi. Ine ndinadandaula, pakuti ucinso unali wocepa. Iwo anati, "Ukaimana lero, mawa idzakutengera kwa njoka kapena kwa mkango."

Kusukulu ya misyoni anzanga ena anandiseka, nati kulondolera kwa nsadzu ndi nthano ya akumudzi. Akadawerenga sakadaseka. Wansembe wa Cipwitikizi, João dos Santos, analemba m'buku lake la 1609 kuti ku Sofala mbalameyi inkalowa m'calici kudzadya phula la makandulo. Ndipo m'caka ca 2016 Claire Spottiswoode ndi anzace anaonetsa kuti nsadzu izindikira kuitana kwa Ayao a ku Niassa, m'Mozambique. Poitana monga aitanira ofula njuci kumeneko, anapeza njuci maulendo 54 pa 100. Pongocita phokoso lina, maulendo 17 okha.

Koma pali cina cimene atate sanandiuze. Nsadzu simanga cisa cace. Iikira dzira m'una kapena m'mphako ya mbalame ina, niboola mazira a eni ace. Kamwana kace kabadwa kosapenya, kopanda nthenga, koma kali ndi timbedza takuthwa kunsonga ya mlomo. Kuno kwathu, ku Choma, mai yemweyo anaika makamera m'mauna a mbalame zodya njuci, ndipo mu 2011 dziko linaona kamwanako kalikuluma ana a mwini una mumdima kufikira afa. Makolo ofedwawo apitiriza kukadyetsa mpaka kakula, ndipo timbedza tija tizimirira kasanatuluke muunamo.