Kulondola ndi Kuyenera: Mawu Ofotokozera Mapulogalamu a M'magalimoto Amagetsi

Mawu akuti "kuyesa" ali ndi matanthauzo ambiri m'Chichewa. Mphunzitsi amayesa ana, wogulitsa amayesa ufa, ndipo mlimi amayesa mbewu yatsopano. Kotero mawuwa sakwanira paokha pofotokoza ntchito imene akatswiri amachita pa mapulogalamu a m'magalimoto amagetsi.

M'galimoto yotere muli timakompyuta tating'ono tokhala ndi mapulogalamu okhazikika m'kati mwake. Ena amayang'anira kutentha kwa batire ndi kuchuluka kwa mphamvu imene yalowa, ena amathandiza mabuleki. Pulogalamu ya batire ikalephera, galimoto ingathe kugwira moto. Malamulo a ISO 26262, amene adatuluka m'chaka cha 2011 ndi kukonzedwanso mu 2018, amagawa kuopsa m'magulu anayi, kuyambira A mpaka D, ndipo gulu la D ndilo lofuna kusamala kwambiri.

Pa ntchitoyi Chingerezi chimasiyanitsa verification ndi validation, koma omasulira ambiri amalemba "kutsimikiza" pa mawu onse awiri. Uku n'kusokoneza. Mawu oyambawo amafunsa ngati pulogalamu yatsata zimene adalemba oikonza. Achiwiriwo amafunsa ngati zimene adalembazo zikutetezadi munthu pamsewu. Telala angathe kusoka malaya motsata bwinobwino muyeso umene adapatsidwa, malayawo n'kukana kumulowa mwini wake. Choncho ndi bwino kulemba "kuona kulondola" pa oyambawo, ndi "kuona kuyenera" pa achiwiriwo.

Nkhani ya galimoto ya Chevrolet Bolt ku America ikuonetsa kusiyanaku. Mabatire ena atayamba kugwira moto, kampani ya General Motors mu Novembala 2020 idaika pulogalamu yoletsa batire kudzaza kupitirira magawo 90 pa 100 alionse. Mu 2021 idaikanso ina yofufuza zilema za batire. Komabe moto udabuka m'magalimoto ena amene adali atalandira kale pulogalamu yatsopanoyo, chifukwa vuto lenileni lidali m'kapangidwe ka mabatirewo. Mu Julayi 2021 kampaniyo idalengeza kuti isintha zigawo za mabatire.

Mkonzi akapeza chiganizo chakuti "pulogalamuyo idatsimikizidwa", afunse wolembayo kuti akunena ziti mwa ziwirizi. Mawu akuti "kuyesa" asungidwe pa ntchito yeniyeni yoyendetsa pulogalamu, monga kulumikiza kakompyuta ka batire ku makina oyerekeza batire yotentha, ndi kuona ngati kadula magetsi pa nthawi yake.