Cisanu ca mu Lusaka: konzani nyumba, cenjerani ndi mbaula

Cimanga cikalowa m'nkhokwe, ambiri a inu owerenga athu a ku Katete, Petauke, Chadiza ndi Chipata mumakwera basi kudzaona ana ndi abale mu Lusaka. Mumafika mu Juni kapena Julaye, miyezi imene cisanu cimaluma koposa. Ena mumafikira ku Emmasdale, kumpoto kwa tauni pafupi ndi mseu wa Great North, moyandikana ndi Matero ndi Chaisa, ndipo usiku woyamba mumadabwa kuti nyumba yokongola ya mabuloko ndi malata ikuzizira kuposa kanyumba kanu kaudzu.

Cifukwa cake ncosavuta. Mzinda wa Lusaka uli pamtunda, pafupifupi mamita 1,300 kucokera pamlingo wa nyanja yamcere. M'miyezi iyi kumwamba kulibe mitambo, cotero kutentha kumene nthaka inalandira masana kumathawa usiku, ndipo m'bandakuca kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10. Udzu ndi dothi zimasunga kafundidwe monga bulangeti. Malata amatentha msanga nazizira msanga, ndipo simenti yapansi imamwa kutentha kwa munthu wogonapo. Makolo athu sanali opusa pofolera ndi udzu.

Mwini nyumba wanzeru amayamba nchito mu Meyi. Amabwezera magalasi osweka a pazenera, amamata ming'alu ya m'cipupa, nakhomerera malata amene misomali yake inagwedera, podziwanso kuti mphepo ya pfumbi ya mu Ogasiti ili m'njira. Pansi pa citseko, pamene mphepo imalowera ngati mbala, thumba lakale lokulunga limakwanira. Amene ali ndi ndalama aike siling'i, pakuti palibe cina cimene cimathandiza nyumba ya malata koposa ici, ndipo mu Okutobala idzamteteza ku kutentha. Wogona pansi ayale mphasa ziwiri kapena makatoni kunsi kwa matiresi. Masana tsegulani makatani kuti dzuwa lilowe, muwatseke lisanalowe.

Koma pali mabowo amene simuyenera kutseka. Pamwamba pa zipupa amisiri amasiya timabowo tolowetsa mpweya, ndipo cisanu cikafika anthu ambiri amatsekamo nsanza ndi manyuzipepala. Apa mpamene ngozi imayambira.

Kuseri kwa nyumba zambiri za ku Emmasdale kuli tizipinda tating'ono tocititsa lendi, ndipo alendo ocokera kumudzi kawirikawiri amagonekedwa m'menemo. Mlendo wazolowera moto wa nkhuni m'nyumba yaudzu, momwe utsi umatulukira m'tsindwi. Akaona mbaula ya malasha yofiira bwino, yopanda utsi, amaganiza kuti njabwino kuposa nkhuni, nailowetsa, natseka citseko. Sadziwa kuti malasha oyaka amatulutsa mpweya wapoizoni wochedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo sutsokomoletsa. Ukalowa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu, cizungulire, nseru ndi kufooka. Wogona tulo samva ciri conse, amangopitirira. M'cipinda ca mabuloko cotsekedwa bwino, banja lathunthu likhoza kutha usiku umodzi, ndipo m'mawa acibale amayamba kulozana zala za ufiti. Ena amati malasha akafiira ndithu poizoni watha. Limeneli ndi bodza lakupha. Malinga ngati khala likuyaka, mpweyawo ukutulukabe.

Vuto ili linakula pamene magetsi anayamba kusowa. M'zaka za 2015, 2019 ndi 2024 madzi anacepa m'damu la Kariba, ndipo ZESCO inkazimitsa magetsi maola ambiri pa tsiku. Cilala ca 2024 cinali coopsa kotero kuti pa 29 Febuluwale Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Ngakhale mabanja a ku Kabulonga ndi Woodlands, amene anazolowera mahita, anagula mbaula, ena osadziwa konse kasamalidwe kake.

Lamulo lake ndi limodzi: othani mbaula pakhonde kapena citseko ciri cotsegula, ndipo musanagone muitulutse panja, kutali ndi zenera. Kufunda kwa usiku kucokere ku mabulangeti, zipewa ndi masokosi. Ana okwawa asayandikire mbaula, ndipo munthu wodwala khunyu asaothe moto ali yekha. Mukapeza munthu wakomoka m'cipinda momwe munali malasha, tsegulani citseko ndi mazenera, mumtulutsire panja, ndi kuthamangira naye ku cipatala ca Matero kapena ku UTH. Musataye nthawi kumumwetsa mkaka. Si mankhwala, ndipo wokomoka akhoza kutsamwa nawo.

Inu otsala kumudzi, nchito yanu ya nyengo ino mukuidziwa: kumweta udzu wofolerera moto wa m'thengo usanaudye, kumata zipupa, ndi kulambula mozungulira nyumba ndi nkhokwe. Koma ngati mwana wanu wakumangirani nyumba ya njerwa ndi malata, monga zacurukira masiku ano m'midzi ya Kum'mawa, dziwani kuti nyumbayo sipuma monga yaudzu, ndipo za mbaula zimene tanenazi zikukhudzani inunso.