Kodi mumadziwa? Mwana wovuta m'kalasi amakhala akunena kanthu

Kodi mumadziwa kuti mwana wa ulumali akamakuwa, kuluma mnzake kapena kudzigwetsa pansi, kawirikawiri si mwano? Akatswiri a khalidwe la ana amatchula zifukwa zinayi: akufuna kuti wina amusamale, akuthawa ntchito imene yamukulira, akufuna chinthu, kapena thupi lake limamva bwino akamatero. Tsono mwana akang'amba kope pothawa masamu, aphunzitsi n'kumutulutsa panja, ndiye kuti amupatsa zomwe amafunazo. Mawa ang'ambanso.

Nanga mumadziwa kuti kuletsa kokha sikuthetsa vuto? Mu 1985, Edward Carr ndi Mark Durand a ku America anaphunzitsa ana otere kupempha thandizo ntchito ikawavuta, ndipo kukuwa ndi kumenya kunachepa kwambiri. Chaka chomwecho ku Delaware, Andy Bondy ndi Lori Frost anayambitsa njira yotchedwa PECS, yothandiza ana a autism amene satha kulankhula. Mwana akafuna madzi amatenga chithunzi cha kapu n'kuchiika m'dzanja la mphunzitsi, pomwepo n'kulandira madzi ake. Kuno kwathu sizilira ndalama: chidutswa cha katoni, lumo ndi choko zakwana. Kapu, mpira, chimbudzi, phala. Zithunzi zinayi zokha zingapulumutse mwana ku kulira kwa tsiku lonse, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri amakula osazipatsidwa.

Apa pali pogwetsa ulesi ambiri. Mukasiya kugonjera kukuwa kwa mwana, poyamba amakuwa kuposa kale, ngati munthu wogogoda chitseko chimene masiku onse chimatseguka. Mukagonja pamenepo, mwamuphunzitsa kuti kukuwitsa ndiye kumapindula. Limbani mtima, koma nthawi yomweyo muzimuyankha msanga akapempha mwa njira yatsopano ija.

Kodi mumadziwa kuti aphunzitsi ambiri akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha? Anapeza zimenezi ndi Mary Budd Rowe. Aphunzitsiwo atadikira masekondi 3 kapena kuposerapo, mayankho anatalika ndipo ana amene ankangokhala duu anayamba kuyankha. Mwana wochedwa kumvetsa zinthu amafuna mpata wochulukirapo. Kubwereza funso mofulumira, mawu n'kumasintha, kumangomusokoneza.

"Yamba watolera timiyala, ukatha ukasewere mpira." Agogo athu ankatero kalekale, koma m'mabuku mfundo iyi, yoti mwana ayambe ntchito kenako achite chimene amakonda, imadziwika ndi dzina la David Premack.

Kuyamika nakonso kuli ndi luso lake. "Wakhoza" ndi mawu abwino, koma "Wakhoza, wakhala pamkeka mpaka nthano yatha" amamuuza mwana chenicheni choti abwereze. Musaiwale kuti ana ena a autism phokoso limawapweteka: kuwomba m'manja kwa kalasi yonse, belu, kapena mvula ikamagunda pa malata. Mukaona watseka makutu ndi manja, musamuchotse manjawo. Mupezereni pakona pabata.

Mumadziwa kuti pali khunyu yosagwetsa munthu? Mwana amangoti phee, maso tong'o, kwa masekondi ochepa, kenako n'kupitiriza ngati palibe chachitika, ndipo zimatha kubwera kambirimbiri pa tsiku. Ameneyu safunika kukalipiridwa kuti akulota, akufunika kuchipatala. Chimodzimodzi mwana wosalankhula amene wayamba mwadzidzidzi kudzimenya kumutu: yambani mwaganizira za khutu kapena dzino lopweteka.

Kodi mumadziwa kuti m'Malawi sukulu za ana osaona zinayambira ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje m'zaka za m'ma 1950? Aphunzitsi ambiri a ana a ulumali m'dziko muno anasulidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Pasukulu panu pakakhala mmodzi wa iwo, mufikireni ndi kope lolembamo zinthu zitatu: zomwe zinachitika mwana asanavute, zomwe anachita, ndi zomwe akuluakulu anachita pambuyo pake.