Mtima ukati "sindifika": kugonjetsa kudzikayikira pa ulendo wautali wa njinga

Chaka ndi chaka m'mwezi wa Marichi, mzinda wa Cape Town ku South Africa umatseka misewu ina kuti anthu apalase njinga mtunda wa makilomita 109. Mwambowu, wotchedwa Cape Town Cycle Tour, unayamba mu 1978 ndipo zaka zina umasonkhanitsa anthu oposa 30,000. Ambiri mwa iwo safuna chikho. Chimene amafuna n'kungofika kumapeto maola asanu ndi awiri asanathe.

Pa njirayi pali chitunda chotchedwa Suikerbossie. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi awiri okha, koma munthu amachipeza atapalasa kale makilomita pafupifupi 90. Apa m'pamene ambiri amatsika n'kuyamba kukankha njinga, ena akudzifunsa kuti anabwereranji. Chodabwitsa n'chakuti chitunda chomwecho akanachikwera mosavuta chikanakhala koyambirira. Izi zikutiphunzitsa kuti kudzikayikira kumakhala ndi nthawi yake ndi zifukwa zake, choncho munthu angathe kukukonzekera.

Chifukwa choyamba chili m'thupi. Minofu ndi chiwindi zimasunga shuga amene thupi limagwiritsa ntchito popalasa. Munthu akamapalasa mwamphamvu osadya kanthu, shugayu amachepa kwambiri pakatha ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Ubongo nawo umadalira shuga, ndiye akachepa miyendo imalemera, munthu amapsa mtima msanga ndipo maganizo ofuna kusiya amamuchulukira. Nthawi zambiri amene akudziyesa wolephera amakhala kuti ali ndi njala chabe. Mankhwala ake ndi kudya njala isanafike: nthochi imodzi kapena ziwiri pa ola, mbatata yophika kapena thobwa, komanso kumwa madzi pang'onopang'ono ulendo wonse.

Chifukwa chachiwiri ndi mawu amene munthu amadziyankhulira mumtima. Kafukufuku amene Samuele Marcora ndi anzake anafalitsa mu 2014 anaonetsa kuti anthu amene anaphunzitsidwa kudzilimbikitsa ndi mawu achidule anapalasa nthawi yotalikirapo asanatope, ndipo ntchitoyo ankaimva kupepukirako, ngakhale kuti mphamvu za matupi awo zinali zomwezo. Choncho ndi bwino kusankhiratu mawu anu tsiku lisanafike, kaya ndi kapemphero kakafupi kaya mawu ngati "ndifike pa mtengo uwo". Kugawa ulendo m'zigawo kumathandizanso. Makilomita 100 amaopsa, koma makilomita khumi opita pa malo opumirapo otsatira munthu amawakwanitsa.

Nanga kudzidalira kumachokera kuti? Katswiri wa za maganizo Albert Bandura anafotokoza mu 1977 kuti munthu amakhulupirira kuti angathe kuchita chinthu makamaka chifukwa cha zimene anakwanitsapo kale. Zina zothandiza ndi kuona anthu ofanana naye akukwanitsa, kulimbikitsidwa ndi anzake, ndi kumvetsa bwino zimene thupi lake likumuuza. N'chifukwa chake kukonzekera kumafuna miyezi iwiri kapena itatu. Yambani ndi mtunda umene mumautha bwinobwino, muziwonjezera pang'ono sabata iliyonse, ndipo musamazembe zitunda. Tsiku la ulendo mtima ukayamba kukayika, mudzakhala ndi umboni wouyankhira.

Gulu nalo lili ndi mbali yaikulu. Pa liwiro, wopalasa amene ali kumbuyo kwa mnzake amatetezedwa ku mphepo, ndipo mphamvu zimene amagwiritsa ntchito zingachepe ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena kuposerapo. Ku Cape Town mphepo ndi nkhani yaikulu, moti mu 2017 mwambowu unalephereka mphepo itagwetsa anthu pa njinga zawo pamalo oyambira. Opalasa odziwa amasinthana kutsogola kuti wina asatope yekha. Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha.

Komabe gulu lingathenso kukulitsa kudzikayikira. Amene watsalira kumbuyo amachita manyazi, amaganiza kuti akuchedwetsa anzake, ndiye amadzikakamiza kuthamanga mpaka mphamvu kutheratu. Gulu lanzeru limagwirizana lisananyamuke za liwiro loyendera ndi malo odikirana, ndipo limaika munthu wamphamvu kumbuyo kwenikweni, wonyamula pampu, chubu ndi zomatira, kuti pasapezeke wotsala yekha pamsewu.

Tiyeneranso kusiyanitsa kukayika ndi chenjezo lenileni la thupi. Kutopa, kuwawa kwa miyendo ndi kupuma mofulumira pa chitunda n'zachizolowezi. Koma kupweteka pachifuwa, chizungulire, kusokonezeka maganizo, kusanza, kapena mutu waukulu pa dzuwa lotentha ndi zizindikiro zoti muime, mukhale pamthunzi ndi kufuna thandizo la achipatala msanga. Kuima pa zifukwa zimenezi n'kusamala moyo umene Mulungu anakupatsani. Amene ali ndi matenda a mtima, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi ayambe aonana ndi dokotala asanalembetse ulendo wotere.

Kuno kwathu njinga ndi gawo la moyo wa tsiku ndi tsiku. Makatekisiti amapalasa kupita ku nthambi zakutali, alimi amanyamulirapo matumba a chimanga, akabaza amapezerapo chakudya. Ambiri ali kale ndi mphamvu zokwanira ulendo wautali, kungoti sanaziyezepo. Ngati achinyamata, amayi kapena abambo a m'parishi mwanu akukonza ulendo wa njinga wopita ku malo opempherera kapena wosonkhetsera thandizo, yang'anani amene akukana kulembetsa poopa kuti adzatsalira. Mutengeni Loweruka likubwerali, mupalase naye makilomita 15, ndipo sabata yotsatira muwonjezere asanu.