Ndani ali ndi mphamvu zotchinga malo a boma ku America?

Mu Sepitembala 1909, Pulezidenti William Howard Taft wa dziko la United States analamula kuti maekala oposa 3 miliyoni a ku California ndi Wyoming asaperekedwenso kwa munthu aliyense. Pansi pa nthakayo panali mafuta. Akuluakulu a boma anali atamuchenjeza kuti makampani akugawana malowo mwaliwiro, moti posakhalitsa boma lidzayamba kugula mafuta a sitima zake zankhondo kwa anthu omwe linawapatsa malowo pamtengo wozizira. Koma panalibe lamulo lolembedwa lomwe linkamupatsa Taft mphamvu zimenezo. Patangopita miyezi ingapo, anthu ena analowa m'malowo ku Wyoming n'kupeza mafuta, ndipo kampani ya Midwest Oil itayamba kuwapopa, boma linakaisumira.

Gwero la mlanduwu ndi kukula kwa malo omwe ali m'manja mwa boma lalikulu la dzikolo: maekala pafupifupi 640 miliyoni, omwe ndi magawo 28 pa 100 alionse a dziko lonse. Ambiri ali chakumadzulo, ndipo ku Nevada ndi pafupifupi magawo 80 pa 100. Malamulo aakulu oyendetsera dzikolo, pa Gawo IV, amanena kuti Congress, yomwe ndi nyumba ya malamulo, ndiyo ili ndi mphamvu zogawa malowa komanso kuika malamulo owayendetsera. Pulezidenti satchulidwa pamenepo.

Kwa zaka zambiri Congress inkagwiritsa ntchito mphamvuzi pogawa malo. Lamulo la Homestead Act la 1862 linkapereka maekala 160 kwa munthu wokamanga ndi kulima, pomwe lamulo la migodi la 1872 linkalola aliyense wopeza miyala yamtengo wapatali kutenga malowo. Choncho kusunga malo kunkafuna zinthu ziwiri: kuwatchinga kuti asagulitsidwe kapena kukumbidwa, kenako kunena ntchito yomwe awasungira, kaya nkhalango, malo a asilikali, kapena malo a mitundu ya eni nthaka. Congress inachita zimenezi yokha mu 1872 pokhazikitsa paki ya Yellowstone.

Kenako inayamba kubwereka Pulezidenti mphamvuzi pang'onopang'ono. Mu 1891 inamulola kupatula nkhalango. Mu 1906 inakhazikitsa lamulo la Antiquities Act, lomulola kuteteza malo a mbiri yakale ndi ofunika pa sayansi, bola atenge dera lochepa kwambiri lokwanira kusamala zinthuzo. Pulezidenti Theodore Roosevelt anayamba ndi thanthwe la Devils Tower ku Wyoming chaka chomwecho. Mu 1908 anateteza maekala oposa 800,000 a chigwa cha Grand Canyon. Ralph Cameron, yemwe ankati ali ndi malo a migodi m'chigwamo, anatsutsa, koma mu 1920 Khoti Lalikulu linagamula mokomera boma.

Pa mlandu wa Midwest Oil, khotilo linagamula mu 1915 kuti Taft sanalakwe. Oweruza anaona kuti apulezidenti anali atatchinga malo maulendo oposa 200 Congress ikuona osanena kanthu, ndipo anati kukhala chete kumeneko kunali kuvomereza.

Congress inadzatseka khomo limeneli mu 1976 ndi lamulo la Federal Land Policy and Management Act, lomwe linathetsa mphamvu zosalembedwazo. Tsopano nduna yoona za malo a boma ikhoza kutchinga maekala 5,000 kapena kuposerapo kwa zaka zosapitirira 20 pa nthawi imodzi. Ken Salazar, yemwe anali nduna pa nthawiyo, anagwiritsa ntchito ndime imeneyi mu 2012 poletsa migodi yatsopano ya yureniyamu pa maekala pafupifupi 1 miliyoni ozungulira Grand Canyon. Lamulo la 1906 lija silinakhudzidwe.

Kusunga malo kumakokanso zinthu zina zomwe sizinalembedwe papepala. Mu 1908, pa mlandu wa Winters, Khoti Lalikulu linagamula kuti boma litapatula malo a Fort Belknap ku Montana kuti akhale a eni nthaka, linawasungiranso madzi a mtsinje wa Milk, chifukwa nthaka youma ngati imeneyo ilibe phindu popanda madzi. Mpaka lero mitundu yambiri ya eni nthaka imadalira chigamulochi pomenyera madzi.

Mkangano wina wotentha unabuka ku Bears Ears, m'chigawo cha Utah, komwe kuli mabwinja ndi malo opatulika a makolo. Mitundu isanu ya eni nthaka, kuphatikizapo Navajo, Hopi ndi Zuni, inapempha kuti malowa atetezedwe. Pulezidenti Barack Obama anapatula maekala 1.35 miliyoni mu Disembala 2016 pogwiritsa ntchito lamulo la 1906 lija. Pulezidenti Donald Trump anachotsako pafupifupi magawo 85 pa 100 mu 2017, ndipo Pulezidenti Joe Biden anawabwezeretsa mu 2021. Lamulo la 1906 limanena momveka za kupatula malo, koma silinena ngati Pulezidenti wina angawachepetse.

Motero chitetezo cha malo aliwonse chimalimba molingana ndi lamulo lomwe chatsamirapo. Chiletso cha nduna chimatha zaka zake zikakwana, chilengezo cha Pulezidenti chimagwedezeka boma likasintha, pomwe paki yokhazikitsidwa ndi Congress, monga Yellowstone, ingathetsedwe ndi Congress yokha.