Wakhoza mayeso a ku univesite: nanga akagona kuti?

ULÓNGUÈ, Angónia. Mwana akakhoza mayeso olowera ku univesite, pamudzi pamamveka nthungululu. Zikangotha nthungululuzo, bambo amakhala duu pakhonde ndi funso limodzi: kodi mwanayu akagona kuti? Funsoli limadza nthawi yowawa, chifukwa maphunziro amatsegulidwa cha mu Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, chimanga chikadali m'munda, ndalama ya fodya isadamveke n'komwe.

Kwa amene wapeza malo ku Universidade Eduardo Mondlane, ulendo wake si wamasewera. Kuchoka pa Ulónguè kufika mumzinda wa Tete ndi makilomita oposa 200. Kuchoka pa Tete basi imadzera ku Changara, Catandica ndi Inchope, kuwoloka mtsinje wa Save, kupyola Maxixe ndi Xai-Xai, mpaka kukatsitsa pa Junta ku Maputo: makilomita ena pafupifupi 1,500. Kumeneko kulibe malume, kulibe azakhali. Mwana akatsika ndi chikwama chake ali ndi njira ziwiri basi: kukalowa m'nyumba ya ophunzira, imene pa Chipwitikizi amati residência kapena lar, apo ayi kuchita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya munthu, kaja amati dependência.

Makolo ambiri kuno amaopa njira yoyambayo. Amati mwana akaphunzirako mowa, akamubera, ndipo ngati ndi mtsikana akabwerako ndi mimba. Ena amalolera kugulitsa ng'ombe kuti mwana akhale pa yekha. Ife tikuti, makolo, taganizaninso.

Nkhaniyitu si yachilendo kwa ife. Kodi mnyamata akasinkhuka pamudzi amagona m'nyumba ya amake? Amapita ku gowelo, ena amati mphala, kukagona ndi anzake. Atsikana nawo adali ndi kwawo, kukuka kwa agogo. Kumeneko n'kumene mwana ankaphunzira kugawana mphasa, kudikira mnzake pa mbale, ndi kudziwa kuti ukachita mwano anzako akuwongola. Nyumba ya ophunzira ndi gowelo lomwelo, kungoti ili ndi magetsi, mpopi ndi malamulo olembedwa pa khoma.

Univesite ya Eduardo Mondlane idayamba mu 1962, pa nthawi ya atsamunda, ndipo ana a anthu akuda amene ankalowako adali owerengeka. Dzina ili idalilandira mu 1976. Ili ndi nyumba zake zogona ophunzira, zina m'kati mwa mzinda monga ija amati SELF, zina pa bwalo la sukulu pomwepo monga zija za Tangará. Mwana wochokera kutali akapeza thandizo lathunthu, bolsa completa, amapatsidwa pogona ndi chakudya, ndipo salipira ndalama ya sukulu. Kholo la ku Dómuè kapena ku Tsangano likamva zimenezi liwerengere lokha: wa lendi amafunika ndalama ya nyumba mwezi ndi mwezi, makala, mbaula, mapoto, matiresi, kuwonjezapo ya chapa kupita ndi kubwera tsiku lililonse. Ndi matumba angati a kachewere amenewo?

Koma ndalama si nkhani yokhayo. Mlongo wanga wamng'ono, chaka chake choyamba mumzinda wina wa m'mbali mwa nyanja, adakhala pa lendi chifukwa ifenso kwathu tidali ndi mantha omwewa. Adadwala malungo. Adagona masiku atatu chitseko chili chotseka, mwini nyumba akuyesa kuti wapita kocheza, ife kuno tikuyesa kuti foni yathera moto. Adamupeza ndi mnzake wa m'kalasi amene adadabwa kuti sakuoneka. Chaka chachiwiri adapeza bedi m'nyumba ya ophunzira, anthu anayi chipinda chimodzi. Kumeneko ukangolephera kudzuka m'mawa, wina wakugwira kale pamphumi. Akulu adati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

China chimene adapindula ndi chinenero. Tisabisane, ana athu a m'malire muno Chipwitikizi amachidziwira m'buku. Pakhomo ndi Chichewa, kumsika ndi Chichewa, ngakhale wailesi ambiri timatchera ya ku Malawi. Tsono akafika m'kalasi ya ku univesite amamangika lilime, funso ali nalo koma manyazi. M'chipinda chimene wina ndi wa Chichangana wa ku Gaza, wina wa Chimakuwa wa ku Nampula, wina wa Chisena wa ku Sofala, palibe kothawira: ngakhale pobwereka sopo uyenera kuyankhula Chipwitikizi. Miyezi itatu isanathe lilime lamasuka. Buku limodzi limazungulira chipinda chonse, ndipo wa chaka chachitatu amamuuza wa chaka choyamba kafunsidwe ka mayeso, zinthu zimene munthu wokhala yekha amazidziwa atalephera kale.

Akuluakulu amene adaliko akukumbukira za pa 8 Malichi 1977, pamene Pulezidenti Samora Machel adaitana achinyamata kusiya makalasi awo kuti akaphunzire uphunzitsi ndi ntchito zina zimene zidasowa anthu Apwitikizi atachoka. Ambiri adasonkhanitsidwa pa Centro 8 de Março ku Maputo, ochokera m'zigawo zonse, kudya pamodzi ndi kugona pamodzi. Si onse adapitako mwakufuna kwawo, ndipo ena amadandaula mpaka lero kuti adawasankhira ntchito. Komabe ukawafunsa kumene adadziwira koyamba munthu wa chigawo china, yankho limakhala lomwelo.

Zovuta zilipo, sitikukana. Pali phokoso pa nthawi imene wina akufuna kuwerenga. Pali kusowa kwa malaya pa chingwe ndi shuga m'kabati. Pali mwambo woipa wovutitsa obwera kumene, aja amawatcha caloiro. Nsima ya m'phika waukulu siingafane ndi ya amayi, ndipo mwana wa kuno amayamba wazolowera mpunga ndi matapa a kokonati. Mowa nawo ulipo. Koma kodi pa lendi palibe? Kusiyana kwake n'kwakuti m'nyumba ya ophunzira muli woyang'anira, muli mlonda pa chipata, ndipo atsikana ali ndi zipinda zawo. Ku dependência, mtsikana ndalama ya lendi ikachedwa amakhala yekha maso ndi maso ndi mwini nyumba.

Masiku ano si onse amapita ku Maputo. Universidade Zambeze, imene idakhazikitsidwa mu 2007, ili ndi sukulu yake ya zaulimi pano pa Ulónguè ndi ya zaumoyo ku Tete. Mumzinda wa Tete mulinso Instituto Superior Politécnico de Tete kuyambira mu 2005, ndipo abale athu a ku Niassa ali ndi sukulu ya zaulimi ya Universidade Lúrio ku Unango. Tsono zinthu zatembenuka: ana a eni ake ochokera ku Beira ndi ku Quelimane ndiwo akuyenda m'makwalala a Ulónguè kufunafuna chipinda, n'kumanjenjemera ndi chisanu cha mu Juni chimene kwawo sadachionepo. Inu amene mumawachititsa lendi, mukaona chitseko sichidatseguke tsiku lonse, gogodani.

Vuto lalikulu n'lakuti mabedi ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, ndipo amene amatsala nthawi zambiri ndi mwana wa kumudzi amene wamva mochedwa. Masiku opemphera bolsa ndi malo ogona amalembedwa pa chikalata chimene sukulu imatulutsa, chotchedwa edital, ndipo akadutsa adutsa. Kupatula thandizo la univesite, boma lili ndi ofesi yake ya zimenezi, Instituto de Bolsas de Estudo. Mwana akangolowa kalasi ya 12, yambani kukonza mapepala: chitupa chake chikhale chosatha ntchito, mayina akhale ofanana pa chitupa ndi pa mapepala a kusukulu, ndipo kalata yotsimikizira kuti banja ndi losauka, atestado de pobreza, mukaifunse ku boma msanga. Amene adabadwira kapena kuyambira sukulu ku Dedza kapena ku Ntcheu aonetsetse kawiri, pakuti dzina lolembedwa Chingerezi uku, Chipwitikizi uko, limachedwetsa munthu pa windo.